Njinga ya m'mapiri ya K11,000, ndigule kapena ndisiye?

Atate a Chiko:
Abale mwaswera bwanji, ndithandizeni maganizo ndisanalakwitse. Pali munthu ku Chilenje kuno ku Lusaka akugulitsa njinga ya m'mapiri, yogwirako ntchito koma ikuoneka bwino, fulemu ya aluminiyamu, matayala a mainchesi 29, mabuleki a disiki aja amafuta, shoko kutsogolo chabe. Akuti K11,000 ndipo sakutsika. Nkhani ndi yoti alamu anga amene akhala ku East London ku South Africa andiitana kuti mu Julaye tikapalase ku Wild Coast, kuyambira ku Kei Mouth mpaka ku Coffee Bay, m'mphepete mwa nyanja yamchere, masiku angapo. Mtima unapita kale kumeneko koma ndalamayi ndi yambiri kwa ine. Ndigule?

Amake Tamara:
Atate a Chiko, K11,000 pa njinga yoti mukakwere sabata imodzi? Nanga tikiti, nanga kogona, nanga chakudya? Ine ndikuona ngati mubwereke komweko, alamu anu sangasowe mnzawo wokhala ndi njinga ziwiri. Mayi a kunyumba mwawauza kale mtengowu?

Atate a Chiko:
Ndawauza amake Tamara, anangoti funsani odziwa kaye. Ndiye ndabwera kuno.

Mudala wa ku Katete:
Ana inu mumakonda zodula. Ife tinakula ndi njinga ya Eagle ya ku Luangwa Industries ku Chipata, thumba la chimanga kumbuyo, mwana pa fulemu, ndipo timafika. Manje kuli Buffalo, kaliyala yake imanyamula makilo 100, masipeya ali ponseponse. Gulani imeneyo mwana wanga, chenji mugulire ana nsapato.

Naphiri wa ku Kabwata:
Amalume mwanena zoona pa nkhani ya kulimba, Buffalo sitingaikane, koma kumene akupita atate a Chikowa ndinapitako ine ndipo njinga kumeneko simumangoikwera, nthawi zambiri ndinu mumainyamula. Buffalo imapitirira makilo 20, pomwe ya aluminiyamu ngati imene akunenayi imakhala cha m'ma 13 kapena 14. Kusiyanako simukumva mukakhala pa Great East Road, mumakumva njinga ili paphewa madzi ali m'chiuno.

Ndifotokoze pang'ono mmene kulili kuti muganize bwino. Mukachoka pa Kei Mouth mumaoloka mtsinje wa Great Kei pa pontuni, ngati ija inali pa Kazungula mlatho usanatsegulidwe mu 2021 koma iyi ndi yaing'ono. Mukatsika kutsidya ndiye mwalowa kumudzi kwenikweni, nyumba zozungulira zopaka utoto pamwamba pa timapiri ta udzu, ng'ombe zitagona pamchenga pafupi ndi mafunde. Njira zake zambiri ndi tinjira ta ng'ombe ndi ta anthu oyenda pansi. Ndipo musanapite patali mupeza mtsinje wina ukuthira m'nyanja, mukaoloka uwo patsogolo pali wina, tsiku lonse choncho. Pa mathiriro amenewa ndi pamene pali nkhani yonse. Nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, so simungati dzulo tinaoloka 9 koloko lero tionjezeko tulo. Madzi akaphwa mchenga wa kufupi ndi mafunde umalimba ngati msewu, mumapalasa mpaka kusangalala. Akadzaza mumatsala ndi mchenga wofewa wa kumtunda uja, matayala amatitimira, mumakankha mpaka msana kuwawa.

Mtsinje wina tinafika mochedwa madzi akulowa kale. Ndinavula nsapato n'kuzimanga pa mahandulo, njinga paphewa, pedulo ikundibaya m'nthiti, pansi mchenga ukuthawa kuphazi. Kuyambira tsiku limenelo tinkadzuka mdima kuti tigwirizane ndi madzi. Mitsinje ikuluikulu ngati Mbashe simuyesa n'komwe mwamphamvu zanu, mumafunsa anthu a pamenepo kapena kudikira wa bwato akuolotseni, mumulipire bwino.

Atate a Chiko:
Asisi mwandionjezera njala m'malo mondiopseza. Mbashe ndi uja wa kwawo kwa Mandela?

Naphiri wa ku Kabwata:
Womwewo, Mvezo kumene anabadwira mu 1918 ili m'mbali mwa mtsinje umenewu koma kumtunda, kutali ndi nyanja. Pamene umathira m'nyanja mbali ino ndi nkhalango ya Dwesa, mbali inayo Cwebe. Ndipo chakumapeto musanafike ku Coffee Bay mudzaona Hole in the Wall, chithanthwe chili m'madzi chobooka pakati mafunde akudutsa mkati. Ine ndinakhala pansi pa udzu nthawi yaitali osayankhula. Ife a dziko lopanda nyanja yamchere zimatigwira mtima mwamtundu wina.

Amake Tamara:
Kukongola sindikukana asisi, koma funso linali la kugula. Zonse mwanenazi munthu angazione pa njinga yobwereka.

Amisiri a ku Kamwala:
Ndilowepo pang'ono monga munthu amene manja ake amakhala mu girisi tsiku lonse. Amake Tamara ali ndi mfundo imene simunaione. Madzi amchere ndi mchenga ndi adani a njinga. Tcheni imachita dzimbiri usiku umodzi ngati simunaitsuke, mchenga ukalowa m'mabering'i a mawilo ndi a pakati paja pamene pamazungulira mapedulo umapera ngati chigayo, mapadi a mabuleki amatha msanga. Fulemu ya aluminiyamu siichita dzimbiri lofiira lija koma mchere umaidyabe, makamaka pamene mabauti achitsulo akhudzana nayo, ndipo chitsulo cha chishalo chimatha kukanirira osatulukanso. So mukagula n'kupita nayo, dziwani kuti pobwera mudzagulanso tcheni, mapadi, mwina mabering'i. Madzulo alionse muitsuke ndi madzi a pampopi, muipukute, mudontheze oilo pa tcheni. Osaiviika mumtsinje pooloka, inyamuleni pamwamba.

Koma musanalipire chilichonse ndiione kaye. Za salaula zambiri zimabwera zitapakidwa polishi pamwamba mkati zitatha. Ndikufuna ndione ngati fulemu ilibe mng'alu pa mawelodi, ngati shoko siikudontha mafuta, ndi mano a magiya ngati sanasongoke. Ndipo mufunse pepala la kumene anaigula, nambala ya pa fulemu ili pansi mukaitembenuza. Mnzanga wina anagula yotchipa kwa munthu wa pamsewu, patapita mwezi mwini wake anaizindikira, njinga inapita ndalama inapitanso.

Mnyamata wa ku Chelston:
Ine ndingofunsa chimodzi bosi. Mwezi uno mwapalasa makilomita angati? Chifukwa anthu amaganiza kuti m'mphepete mwa nyanja ndi pafulati, koma asisi anena timapiri ta udzu, ndipo mtsinje uliwonse ndiye kuti mutsika n'kukweranso. Ngati mubwereka komweko mudzafika ndi miyendo ya mu ofesi, tsiku lachiwiri simudzatha kukhala pa chishalo. Njinga muigule manje osati chifukwa cha South Africa koma chifukwa cha miyezi imene yatsalayi. Ife Loweruka lililonse timatuluka m'mawa kulowera ku Leopards Hill Road, tinjira ta fumbi ndi miyala tilipo tokwanira, ena amapita ku Lusaka National Park. Mukayamba nafe sabata ino pofika Julaye thupi lidzakhala litazolowera.

Mudala wa ku Katete:
Apa mnyamatayu walankhula. Ngati ndi yoti azikwera sabata ndi sabata ndiye ndachotsa mawu anga. Chimene ndimadana nacho ndi chinthu chodula kukhala m'chipinda chikusonkhanitsa fumbi.

Amake Tamara:
Nanga kuinyamula kupita nayo? Pa ndege njinga imafuna bokosi lake ndipo ena amalipiritsa padera, pa basi ya pa Intercity kupita ku Johannesburg katundu wamkulu amalipiritsanso, kenako musinthe basi ina ya ku East London. Njinga ya K11,000 pansi pa basi pamodzi ndi masaka a anthu, ine mtima sungakhale m'malo.

Naphiri wa ku Kabwata:
Apo ndikugwirizana nanu amake Tamara. Ine ndinapita ndi yanga ndipo pobwera kachitsulo kosinthira magiya kumbuyo kanali katapindika. Bwenzi ndikanachita chonchi, yanga ikhale kuno yophunzirira, ya kunyanja ndibwereke komweko ya saizi yofanana, ndingonyamula chishalo changa ndi mapedulo anga m'chikwama chifukwa ndi zimene thupi limazolowera. Mukabweza ya eni ake muwagulire tcheni yatsopano, ndi ulemu. Julaye mwasankha bwino, mvula yambiri kumeneko imagwa nthawi yotentha ngati kwathu kuno, so mitsinje siikhala yosefukira kwambiri, koma m'mawa kumazizira, juzi musaiwale. Ndipo osasambira pa mathiriro a mitsinje mwachisawawa, kuli shaki imene iwo amaitcha Zambezi shark, imatha kulowa ndi m'madzi opanda mchere.

Atate a Chiko:
Zikomo nonse, mwanditsegula mutu. Ndawalembera alamu, akuti mnzawo wa kuntchito ali ndi njinga ina ya 29 angandibwereke, ndiye za basi zatha. Ya ku Chilenje ndikuifunabe koma ya kuno. Amisiri, Loweruka 10 koloko muli omasuka? Ndikutengani pa Kamwala tipite limodzi.

Amisiri a ku Kamwala:
Ndilipo. Muuzeni wogulitsayo asaitsuke, ndikufuna ndione pamene pamadontha mafuta. Ngati tcheni ndi magiya zatha tiyambira pa K9,000.

Mnyamata wa ku Chelston:
Ikadutsa kwa amisiri, Loweruka linalo 6 koloko m'mawa tikumane, mubwere ndi helemeti, botolo la madzi ndi chubu ya sipeya.