Mankhwala otsala aja ndawapezera kopita

Masabata atatu apitawo ndinafunsa chochita ndi mankhwala amene anatsala dokotala atawasinthira ena bambo anga: mapilisi a BP, maantibayotiki ochepa ndi botolo la morphine wamadzi (mankhwala amphamvu oletsa ululu). Ambiri munati ndisawathire m'chimbudzi kapena m'sinki. Zikomo kwambiri, poti ndinatsala pang'ono kutero.

Ndinapita nawo ku famase ndipo anawalandira onse. Wopereka mankhwala kumeneko anandifotokozera kuti maantibayotiki akalowa m'madzi kapena m'nthaka amathandiza tizilombo kuzolowera, mpaka tsiku lina munthu adzamwa mankhwalawo koma osachira. Pa morphine ndiye anatsindika zedi: mwana atamwako ngakhale pang'ono akhoza kusiya kupuma. Apa mtima unandigunda, chifukwa botololo linakhala mwezi wathunthu pashelefu pomwe mdzukulu wa bambo amafikira.

Amene mulibe kokabweza, anati mapilisi wamba muwachotse m'mapaketi, osawaphwanya, muwasakanize ndi dothi, mumange bwino m'pulasitiki n'kutaya ku zinyalala. Dzina la wodwala pa botolo mulifufute kaye. Inhaler (kachipangizo kopopera mankhwala m'kamwa, monga ka mphumu) musaiboole kapena kuiponya pamoto, imaphulika. Koma mankhwala amphamvu ngati morphine yesetsani ndithu kuwabweza kuchipatala kapena ku famase.

Wina anati mapilisi a BP aja ndipatse munthu wodwalanso BP kuti mankhwalawo asawonongeke. Ndikumvetsa kuti ananena mwachifundo, koma ayi, sindikanatero. Mlingo wa bambo anauyeza poona impso zawo ndi mankhwala ena amene amamwa, ndipo mapilisi a BP omwewo ndi amene ankawachititsa chizungulire mpaka dokotala kuwasiyitsa.