Kodi Civo ija ya 1987 tinaisiya pati?

Mwana wa ku Kawale:

Abale, ndithandizeni pa nkhani yomwe yandisowetsa mtendere sabata yonse ino. Bambo anga anatisiya mwezi wa Malichi. Loweruka lapitali ndi pomwe tinalimba mtima kutsegula sutikesi yawo ya malata, yomwe inkakhala pansi pa bedi ku Kawale 2. Pansi pa majekete ndinapezamo kope la masamba ofiirira, lomangidwa ndi mphira. Mkati mwake mulibe za ndalama kapena za maliro. Muli zigoli zokhazokha za Civo United, masewero ndi masewero, zolembedwa ndi bolopeni ya buluu. Pa tsamba la 1987 analemba mawu awiri okha ndi zilembo zikuluzikulu: TATENGA LIGI. Anadinikiza bolopeni mpaka pepala linabooka.

Bambo anagwira ntchito ya umesenjala ku Capital Hill zaka zambiri. Ine chaka chimenecho ndinali ndi zaka 8. Ndimakumbukira kuti tsiku la mpira ankasita shati ndi simbi ya makala ngati akupita ku tchalitchi. Tinkayenda wapansi, kuwoloka mlatho wa Lilongwe, kudutsa mu tauni mpaka ku Civo Stadium ku Area 9. Ndalama ya basi ankasunga kuti andigulire nzimbe ndi mtedza wokazinga pa geti. Wailesi yaying'ono inkakhala pa khutu pawo ngakhale mpirawo akuuona ndi maso, ati amve momwe Bullets ikuchitira ku Blantyre. Mabatire ake ankayanika pa denga kuyambira m'mawa.

Tsono kopelo ndinamuonetsa mwana wanga wachisamba, yemwe ali Fomu 2. Iye ndi wa Maule, ndiye kuti wa Bullets, jezi yofiira savula. Analiyang'ana mwaulemu ndithu, kenako n'kundifunsa kuti, "Adadi, Civo inatengapodi ligi, kapena agogo ankangoikonda?" Sanafunse monyoza. Sakudziwa basi. Anabadwira ku Bwaila, wakulira mu Lilongwe muno, koma mbiri ya timu ya mumzinda wake sanaimvepo ndi kamodzi komwe.

Mafunso anga ndi awiri. Kodi n'zoona kuti Civo ndiyo inali yoyamba kubweretsa Super League ku Lilongwe, Silver Strikers isanatero? Ndipo chinachitika n'chiyani kuti ana athu azichemerera matimu a mtunda wa makilomita oposa 300, pomwe bwalo la Civo lili pakhomo pawo?

Mkulu Wopuma wa ku Area 18:

Pepani mphwanga ndi imfa ya bambo. Kope limenelo mulisunge pouma, ndi chuma.

Bambo anu sadaname. Super League idayamba mu 1986 ndipo oyamba kuitenga adali Bata Bullets. Chaka chotsatira, 1987, idabwera ku Lilongwe ndi Civo United. Mu 1988 idapita kwa MDC United, 1989 kwa Admarc Tigers, 1990 kwa Limbe Leaf Wanderers. Taonani bwino pamenepo: zaka zisanu, akatswiri asanu osiyana, ndipo wa kunja kwa Blantyre adali Civo yekha. Silver idadzatenga koyamba mu 1993. Mwana wanuyo mumuuze zimenezi mosakayika.

Funso lanu lachiwiri ndi lomwe ndikufuna kuchedwapo, chifukwa ineyo ndine mmodzi wa anthu amene adabweretsa vutoli.

Likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975. Ife ambiri amene tidadzaza nyumba za boma ku Area 18 tidabwera pa malole, ndi mipando, mbale, ana, komanso timu zathu mumtima. Wanderers idayamba mu 1962, Bullets mu 1967. Pofika nthawi imene mzinda uno unkamangidwa, munthu aliyense wokonda mpira adali atasankha kale mbali, wofiira kapena wa buluu. Ine ndidabwera ndili Nyerere, ndiye kuti wa Wanderers, ndipo ndidzapita ndili Nyerere. Ku Civo ndinkapita ndithu, anyamata ena osewera tinkakumana nawo m'makhonde a maofesi, koma ndinkawaombera m'manja ngati anzanga a kuntchito. Wanderers ikabwera ndinkakhala mbali ya alendo. Ana anga adatengera ine, adzukulu atengera makolo awo.

Kenako yang'anani eni ake a matimu a kuno. Civo ndi ya ogwira ntchito m'boma. Silver ndi ya Reserve Bank. Blue Eagles ndi ya apolisi ku Area 30, bwalo lawo Nankhaka. Kamuzu Barracks ndi ya asilikali. Onsewa ndi matimu a malo a ntchito. Mnyamata wa ku Chinsapo amene bambo ake amaotcha njerwa, adzanena bwanji kuti "timu yathu" pa timu ya akalaliki? Kwa bambo anu zidali zosavuta, boma lidali pakhomo pawo.

Matimu a Blantyre aja nawo adali ndi makampani, koma kampani inkangobwereka dzina. Bullets yakhalapo Bata, Total, Bakili, Nyasa, tsopano FCB Nyasa. Wanderers yakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, Telecom, MTL, Be Forward, Mukuru. Wothandiza akachoka, masapota amatsala nayo timu, kusonkherana mpaka wina abwere. Pomwe timu ya kampani yeniyeni, kampani ikatseka thumba, timunso yatha. MDC United ili kuti lero? ESCOM United, imene idatenga ligi mu 2007, ili kuti? Civo tithokoze kuti idakalipo, ngakhale dzina lidasinthapo kukhala Civil Sporting Club, kenako Civil Service United. Anthufe timangoti Civo mpaka lero.

Banker wa ku Mtandire:

Madala a ku 18, ulemu wanu, mbiri mwaifotokoza bwino. Koma pa Silver pokha ndikukanani.

Ine sindinalowepo mu banki yaikulu ija, ngakhale pa geti. Ndimawotcherera zitseko ndi mawindo. Koma Silver ndi yanga, ndipo anyamata ambiri kuno ku Mtandire ndi ku Mtsiliza ndi choncho. Chifukwa chake n'chapafupi: Silver Stadium ili ku Area 47, ife timangodumpha msewu. Tili ana tinkapita kukaonera ma training, kuthamangira mipira yotuluka kunja, kunyamulira osewera zikwama. Ukamuona munthu akutuluka thukuta Lachiwiri masana, Lamlungu sungamutukwane, amakhala m'bale wako. Akuluakulu athu amatiuza za Young Chimodzi ndi John Maduka, yemwe anachokera pa Silver pomwepa n'kukatchuka ku South Africa. Ife tinaona Hellings Mwakasungula, Lucky Malata, Green Harawa.

China n'chakuti mwana amatsata wopambana, tisanamizane. Bullets inatenga ligi kasanu ndi kawiri motsatizana kuyambira 1999 mpaka 2005, ndipo mu 2004 inafika mu magulu a CAF Champions League. Ana onse a nthawi imeneyo anafiira. Ife titatenga katatu motsatizana, komaliza mu 2013, munayamba kuona majezi a buluu wa kumwamba m'maminibasi a ku 25 ndi ku Likuni. Kenako tinakhala zaka 11 ligi osaigwira, uku Maule akutenga kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023. Airtel Top 8 yoyamba mu 2017 tinatenga, FDH Bank Cup yoyamba mu 2021 tinatenganso, koma chikho si ligi. Mwana wa achimwenewa wakula m'zaka zomwezo, ndiye musamudabwe. Mu 2024 Peter Mponda atatibwezera ligi, ndinaona ana a pa mzere wathu, amene dzulo lake ankaimba za Maule, akuthamangira galimoto ya timu.

Musaiwalenso asilikali a Kamuzu Barracks (KB). Anatenga ligi mu 2016, Blantyre yonse ili kukamwa yasa. Ndiye matimu atatu a Lilongwe anaigwirapo ligi imeneyi: Civo, Silver ndi KB. Si mzinda wopanda mbiri uno.

Nachisale wa Mandasi:

Ine za zaka ndi zigoli ndisiyira abambo, koma pa geti la Civo ndagulitsapo mandasi ndi mazira owiritsa kwa nthawi yaitali, ndiye ndinene zomwe ndimaona.

Ikabwera Bullets kapena Wanderers ndimakanda ufa kawiri, ndipo beseni limatha mpira usanafike pa hafu. Akamasewera Civo ndi Eagles ndimakanda kamodzi, otsala ndimakagulitsa madzulo pa siteji. Koma amene amabwera masiku ouma amenewo ndimawadziwa nkhope mmodzimmodzi. Ndi azibambo achikulire, ena ndi ndodo, amakhala malo omwewo chaka ndi chaka. Alipo wina amene ankagula mandasi awiri, limodzi n'kukulunga mu nyuzi kuti akapatse mayi kunyumba. Chaka chino sindinamuone. Chaka chilichonse amachepa, ndipo sabwera ndi adzukulu. Ndinafunsapo mmodzi chifukwa chake, anati ana amakana, akufuna ku bwalo la Bingu kumene kuli mipando ndi magetsi.

Bingu ndi yokongola, sindikana. Chitsegulireni mu 2017 masewero akuluakulu ambiri amapita kumeneko. Koma bambo a ku Kawale, mwanayo mwamutengerapo ku Civo ngakhale kamodzi? Kapena mwangomuonetsa kope?

Mwana wa ku Kawale:

Zikomo nonse. Madala a ku 18, zaka zija ndazikopera pa tsamba lomaliza la kope la bambo, pansi pa dzanja lawo. Achimwene a ku Mtandire, mwanena zoona, mwana wanga ligi imene waiona ndi maso ake yambiri ndi ya Maule.

Koma mayi Nachisale, funso lanu ndi limene landigoneka mochedwa. Yankho ndi ayi. Sindinamutengereko. Ineyo ku Civo ndinasiya kupita nditayamba ntchito ku Kanengo, Loweruka tinkaweruka mochedwa, kenako kunabwera mpira wa ku England pa TV ndipo ndinazolowera kukhala pa benchi ya pa shopu. Bambo anapitirizabe okha. Ndabwerera mu kope lija usiku wapitawu kuti ndione pomwe analekera. Masamba omaliza zilembo zikunjenjemera, mizere ikutsetsereka, koma tsiku ndi zigoli zilipo, ngakhale masewero amene Civo inagonja. Ena analemba m'mbali kuti "pa wailesi", kusonyeza kuti miyendo inali itayamba kukana. Nthawi yonseyo ine ndinali ndi galimoto pakhomo, ndipo sanandipemphepo kuti ndiwaperekeze. Bambo wa mandasi awiri amene mukunenayo sindikudziwa ngati anali iwo, koma mayi anga akuti nyuzi ya mafuta inkabwera m'thumba la jekete.

M'mawa uno ndamufunsa mnyamata ngati angapite nane Civo ikamasewera pakhomo. Wavomera, koma wati jezi yake yofiira avala. Ndamuuza kuti avale. Tidzayenda wapansi kuchokera kwa agogo ake ku Kawale, kudzera pa mlatho, ngati kale. Kope ndidzanyamula, muli masamba asanu ndi limodzi osalembamo, ndipo zigoli za tsikulo adzalemba ndi iyeyo.

Mayi Nachisale, mumakhala geti liti? Mutisungire mandasi anayi.

Nachisale wa Mandasi:

Mukafika mudzangofunsa anyamata a pa geti za mayi a beseni lobiriwira, onse amandidziwa. Mubwere msanga, a m'mawa ndi amene amakhala ofewa.