Mabowo a mu shafti ya dry riser atsala pululu, titseke ndi chiyani?

Ba Zulu: Akuluakulu, thandizeni msanga. Mafulati a nsanjika 7 ku Kabulonga. Dry riser (paipi youma yomwe ozimitsa moto amapoperamo madzi kupita ku nsanjika zapamwamba) ya 100 mm yakwera, ma landing valve (polumikizira mapaipi ozimitsira moto pa nsanjika iliyonse) tamanga, koma pa silabu iliyonse patsala bowo la 600 mm kwa 400 mm. Momwemo mwadutsanso paipi ya PVC ya 110 mm ya zonyansa ndi tray ya makebo. Oyendera za moto akana kusaina, kontilakita akuti tingopopera foam. Nditseke bwanji?

Ba Mwale: Foam wamba ija ayi, imayaka n'kutulutsa utsi wakuda. Shafti yotseguka ndi chumuni, moto wa pansi utsi wake umakafika pamwamba anthu ali m'tulo. Pulani ikuti chotsekeracho chipirire moto mphindi 60 kapena 120? Ikani batt (bolodi losapsa) ya rockwool yopakidwa kale, ya 50 mm, ziwiri ngati datasheet ikutero. Dulani yoposerako pang'ono kuti ilowe mothina, m'mphepete monse ndi kuzungulira paipi pakani intumescent sealant (chomatira chomwe chimafufuma chikatentha).

Mudala Banda: Khomani shatala (matabwa ogwira konkire) pansi, thirani konkire. Konkire siipsa.

Amake Chisomo: Konkire siipsa inde, Mudala, koma PVC ndiyo imasungunuka, n'kusiya bowo la 110 pakati pa konkire yanuyo. Pafunika collar (mphete yozungulira paipi, yomwe imafufuma pa moto n'kutseka bowolo) kunsi kwa silabu, yomangidwa ndi ma anchor achitsulo. Mapulagi apulasitiki amasungunuka, collar n'kugwa isanafufume.

Mudala Banda: Collar ikani, kwinako konkire.

Ba Mwale: Nanga riser? Poyesa pa 12 bar kwa mphindi 15 paipi imagwedera, ikatentha imatalika. Konkire wamba imauma n'kusiya mng'alu kuzungulira chitsulo, utsi umadutsa pomwepo. Ngati mukufuna chothira, gulani fire mortar (simenti yapadera yotsekera moto), mutsate kuchindikala kolembedwa pa thumba.

Ba Tembo: Chenjerani, batt siyonyamula munthu. Ikachita fumbi imaoneka ngati silabu, wa magetsi akapondapo apita nayo pansi. Ikani grating (chitsulo cha mabowo chopondapo) pamwamba ndi chikwangwani. Paipi ikhale pa mabulaketi ake, isatsamire batt. Komanso musaiwale pomwe nthambi yatulukira pa khoma kupita ku valve, ambiri amangophimba ndi bokosi. Chitseko cha shafti chikhale fire door (chitseko chopirira moto) yokhala ndi strip yofufuma m'mphepete, chokhoma nthawi zonse.

Amake Chisomo: Vuto lenileni limabwera nyumba ikaperekedwa. A intaneti ndi a madishi amaboola batt ndi sikuludiraiva, kukoka kebo, n'kumapita. Jambulani bowo lililonse musanatseke ndi mutatseka, mumate lebulo ya tsiku ndi zomwe mwagwiritsa ntchito. Musasakanize batt ya kampani ina ndi sealant ya ina, sizinayesedwe limodzi.

Ba Tembo: Amene anaona Society House pa Cairo Road itapsa mu 1997 akudziwa zaka zomwe inakhala chigoba.

Mudala Banda: Konkire palibe angaiboole ndi sikuludiraiva.

Ba Lungu: Pepani kulowerera, ma collar a 110 akupezeka muno mu Lusaka kapena mpaka kuitanitsa ku Johannesburg?