Cookie ya JSESSIONID ikutayika pakati pa Vite ndi Tomcat ya pa seva yakunja

Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo ntchito ndi Vite (chida choyendetsera mbali ya pulogalamu yooneka pa browser) pamodzi ndi Tomcat (seva yoyendetsera mapulogalamu a Java). Tikukonza pulogalamu yosungira zotsatira za mayeso a ana asukulu. Mbali ya React ndimaiyendetsa pa laputopu yanga mu development mode, pa localhost:5173, koma mbali ya Java ili pa seva yoyeserera ya kuntchito, chifukwa mu database muli mayina a ana omwe sitiloledwa kuwakopera pa makompyuta athu.

Ndikalowetsa dzina ndi password seva imandilandira ndi 200, ndipo pa Network mu DevTools ndimaiona Set-Cookie ikubwera ndi JSESSIONID, cookie imene seva imadziwira kuti ndinalowa kale. Pempho lotsatira limabwezedwa ndi 401 (kutanthauza kuti seva sikundizindikira), ndipo ndikalitsegula ndimapeza kuti lapita lopanda cookie ija.

Za CORS (chilolezo choti browser ilankhule ndi seva ya adilesi ina) tinazikonza kalekale. Chomwe chinatitsekereza ndi SameSite (lamulo lonena ngati cookie ingapite ndi pempho lochokera ku webusaiti ina), pakuti kuyambira pa Chrome 80, mu 2020, cookie yosatchula SameSite imatengedwa ngati Lax, yomwe imatsekereza cookie pa mapempho ngati athuwa, ndipo kuti tiike None, yomwe imailola, pafunika Secure, yomwe imafuna HTTPS, pomwe seva yathu yoyeserera ilibe HTTPS. N'chifukwa chake ndinasamukira ku server.proxy ya Vite, kuti browser izilankhula ndi localhost yokha. Proxy imasandutsa /api kukhala /sukulu/api, ndipo apa m'pamene ndikukayikira, chifukwa Tomcat imalemba Path=/sukulu pa cookie pomwe browser ikupempha /api. Kodi ndikonze pa Vite ndi cookiePathRewrite, kapena ndiike sessionCookiePath mu context.xml? Mtima wanga sukufuna kusintha seva yomwe anzanga akuyeserapo pongofuna kuthandiza laputopu imodzi.

Funso lachiwiri ndi la debugger (chida chofufuzira zolakwika mu code ikamayenda), ndipo ndi lomwe likundidetsa nkhawa kwambiri. Tomcat ikayatsidwa ndi catalina.sh jpda start imamvetsera pa localhost:8000 pokha. Mnzanga wina akuti titsegule port imeneyi kwa aliyense, koma JDWP, njira imene debugger imalankhulira ndi Java, safunsa password, kotero kuti aliyense woifikira angathe kuyendetsa code yakeyake pa seva yokhala ndi mayina a ana. Inu mumalumikiza bwanji IntelliJ (pulogalamu yolembera code ya Java) popanda kuchita zimenezi?

Yankho:

Achimwene, mwaganiza bwino pa za Path. Browser siitumiza cookie ya /sukulu ku /api, choncho ikani cookiePathRewrite mu proxy kuti Path ikhale / ndipo seva muisiye momwe ilili. Mukatero fufutani cookie yakale pa Application mu DevTools musanayesenso.

Port 8000 musaitsegule ayi. Gwiritsani ntchito ssh -L 8000:localhost:8000 kupita ku sevayo, kenako Remote JVM Debug ya IntelliJ iloze ku localhost:8000. Chenjerani ndi breakpoint (malo amene debugger imaimitsira code), popeza IntelliJ imaimitsa ma thread onse pokhapokha mutasintha Suspend kuchoka pa All kupita pa Thread, ndipo mukapanda kutero anzanu onse adzaona ngati seva yafa. Dziwaninso kuti JDWP imalandira debugger imodzi pa nthawi, choncho muzigwirizana za nthawi, ndipo code ya pa laputopu yanu ikhale ya commit yomweyo imene inapanga WAR (fayilo ya pulogalamu yoikidwa pa Tomcat) ya pa seva, apo ayi debugger idzaima pa mizere yolakwika.