Kujambula chipululu cha Namib ndi nyama zake: ndikonzekere bwanji ndikadali kuno ku Salima?

Wojambula wa pa Kamuzu Road

Ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndimakhala ku Salima, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikupeza chakudya pojambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mipingo. Nyama zakutchire ndinazijambulapo kangapo kumalo osungira nyama a Kuti kuno ku Salima, makamaka mbidzi ndi nyamalikiti, koma kunja kwa Malawi sindinajambuleko kanthu. Alamu anga amene amagwira ntchito ku Windhoek, likulu la dziko la Namibia, andiitana kuti mu Julayi tikayende limodzi masabata awiri pa galimoto yawo, kuyambira ku mapiri a mchenga a ku Sossusvlei, kudzera ku tawuni ya kugombe ya Swakopmund, n'kukathera ku malo osungira nyama a Etosha. Ndili ndi kamera ya Nikon yakalekale ndithu ndi malenzi awiri, yaifupi ya 18-55mm ndi yokokera zakutali ya 70-300mm, ndipo ndalama zogulira zina n'zochepa.

Mafunso anga ndi atatu. Kodi zida zimenezi zikwanira, kapena ndikongole ndalama ndigule lenzi yaitali? Nanga munthu amajambula bwanji malo opanda mitengo, opanda nyumba, opanda anthu, kuti chithunzi chisangooneka ngati mulu wa mchenga womangira nyumba? Chachitatu, kamera imeneyi ndi khasu langa, choncho ndikuopa kuti mchenga ungandiwonongere. Amene munafikako ndithandizeni.

Mphunzitsi wopuma wa ku Linga

Achimwene a ku Salima, ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri chifukwa ndi limene lili ndi mnofu. Ine ndinafika ku Sossusvlei kawiri, ndipo ulendo woyamba ndinabwerako ndi zithunzi zimene mwazifotokozazo, zooneka ngati mchenga wotsitsidwa pa lole. Vuto silinali kamera. Ndinkajambula dzuwa lili paliwombo, pamene kuwala kumagwa mofanana mbali zonse za phiri la mchenga, ndiye phirilo limataya maonekedwe ake. Mapiri a mchenga amaoneka bwino dzuwa likamawamenya cham'mbali, mbali imodzi ili psuu, ina ili bii, ndipo pakati pake pakudutsa mzere wakuthwa wa msana wa phirilo wokhotakhota ngati njoka. Chimene mukujambula kwenikweni ndi mzere umenewo. Umaoneka bwino kwa ola limodzi kapena awiri dzuwa likangotuluka, ndiponso likamakalowa.

Pankhani ya nthawi pali chinthu chimene chimasokoneza ife a kunyanja. Wotchi ya ku Namibia imafanana ndi yathu, koma dzikolo lili kutali kumadzulo, moti mu Julayi dzuwa la ku Sossusvlei limatuluka 7:30 itadutsa, pamene kwanu ku Senga Bay limakhala litatuluka kale cha m'ma 6 koloko. Chipata chakunja cha pa Sesriem, polowera ku Sossusvlei, chimatsegulidwa dzuwa likamatuluka, ndipo kuchokera pamenepo mpaka ku Sossusvlei pali makilomita pafupifupi 60, omalizira asanu ali a mchenga wozama wofuna galimoto yoyendera matayala onse anayi. Mukagona kunja kwa chipatacho mudzafika kuwala kwabwino kutayamba kutha. Ogona pa kampu ya mkati amaloledwa kunyamuka ola limodzi dzuwa lisanatuluke, choncho uzani alamu anu asungitse malo a mkatiwo kudakali nthawi. Ndalama zimene mukufuna kukongola zingagwire ntchito yabwino pamenepo kusiyana ndi pa lenzi.

Ambiri amaima pa Dune 45, phiri limene lili pa makilomita 45 kuchokera pa Sesriem, n'kuyamba kukwera. Kukwera n'kosangalatsa, koma amene wakwera amapondaponda msana wa phiri ndipo chithunzi chake chimadzaza mapazi a anzake. Ine ndimakonda kuima pansi chapatali ndi lenzi ngati yanuyo ya 70-300mm, n'kudula kachigawo kochepa ka phiri, kuti mtengo umodzi umene uli m'munsi mwake usonyeze kukula kwa mchengawo. Popanda mtengo, munthu kapena nyama, woona chithunzi sangadziwe ngati ndi chulu kapena ndi phiri la mamita oposa 300 ngati lija amalitcha Big Daddy.

Pansi pa phiri limenelo pali Deadvlei, chigwa cha dongo loyera chimene mumafikako mutayenda pansi pafupifupi kilomita imodzi. Kale madzi a mtsinje wa Tsauchab ankafika pamenepo ndipo mitengo yaminga inamera, koma mchenga utatseka njira ya madzi mitengoyo inafa, zaka zoposa 500 zapitazo, ndipo sinawole chifukwa kulibe chinyezi. Pali kanthawi kochepa m'mawa pamene dzuwa limakhala litawalitsa phiri la kuseri koma chigwa chikadali mumthunzi, ndiye mitengo imaoneka yakuda ngati makala pamaso pa khoma lofiira. Yezani kuwala pa phiri lowalalo, mthunzi muusiye ude. Dzuwa likafika pa dongo loyera zinthu zimatembenuka: kamera imanyengedwa ndi kuyerako n'kudetsa chithunzi chonse, monga imachitira ndi diresi la mkwatibwi, ndipo muyenera kuwonjezera kuwala ndi +0.7 kapena +1. Izi mukuzidziwa kale kuchokera ku maukwati. Jambulani mu RAW (fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona), kabowo kolowetsa kuwala ka lenzi mukachepetse pa f/8 kapena f/11, ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) ikhale 100, ndipo muziyang'ana histogram (kagalafu kosonyeza kuwala ndi mdima wa chithunzi) chifukwa galasi la kuseri kwa kamera silioneka bwino padzuwa. Mitengoyo musaigwire kapena kuitsamira.

Mayi wa ku Chipoka

Bambo aphunzitsi anena zoona pa za kuwala, koma pa za lenzi ndisiyana nawo pang'ono. Ya 300mm imakwanira njovu ndi mbidzi, koma pa mbalame, nkhandwe ndi mikango yogona patali imaperewera, ndipo ku Etosha simungasendere pafupi chifukwa lamulo silikulolani kutuluka m'galimoto kapena kuchoka mumsewu. Sindikunena kuti mukongole ndalama, ayi. Ndikungoti mupite mukudziwa kuti zithunzi zina mudzazisiya, ndipo musataye nthawi kulimbana nazo.

Ubwino wake ndi wakuti chipululu chimakhululukira lenzi yaifupi kuposa nkhalango zathu. Amene munayesapo kujambula njovu ku Nkhotakota, zija zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, mukudziwa kuti njovu pafupifupi 500 zikhoza kumwazikana m'nkhalango ya miombo osaonekanso, ndipo imene mwaipeza imakhala ndi nthambi kumaso. Kumeneko timakakamizika kujambula mutu wokha kuti tichotse zitsamba. Ku Namib kulibe chobisa nyama, ndiye chizolowezi chodzaza chithunzi ndi nyama chimakutayitsani chinthu chimene mwapitira. Gemsbok, nyama ya nyanga zazitali zowongoka imene ili pa chizindikiro cha dziko la Namibia, yofanana msinkhu ndi mphalapala yathu, imakongola kwambiri ikakhala yaying'ono m'munsi mwa chithunzi, phiri lonse la mchenga lili pamwamba pake. Woona amadzifunsa yekha kuti nyama imeneyi imadya chiyani, imamwa kuti. Mukaijambula mutu wokha, palibe angasiyanitse ndi ya kumalo osungira nyama a mumzinda.

Etosha kwenikweni si chipululu ngati Namib, koma pakati pake pali chigwa cha mchere chachikulu kuposa kawiri nkhalango yonse ya Nkhotakota, ndipo mu Julayi kumakhala kouma moti nyama zimadalira zitsime zowerengeka. Musayembekezere mvuu, ng'ona kapena njati, kulibe. Njira yabwino si kuthamanga ndi galimoto tsiku lonse koma kusankha chitsime chimodzi, kuimika galimoto dzuwa lili kumbuyo kwanu kapena cham'mbali, kuzimitsa injini, n'kudikira ngati msodzi wa mbedza. Injini ikamalira galimoto imanjenjemera ndipo chithunzi cha pa 300mm chimatuluka chosaoneka bwino. Sokani kathumba ka nsalu yolimba, mukafika kumeneko muthiremo mpunga kapena nyemba makilogalamu awiri, muzikaika pa windo ngati mtsamiro wa lenzi. Nyama zikamayenda shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) isachedwe kuposa 1/1000 ya sekondi, ngakhale zitafuna kuti ISO ikwere kufika 800.

Chinanso, kuyambira cha m'ma 10 koloko nthaka ikatentha mpweya umayamba kuvina, monga umachitira pa tala wa msewu wa M5 mu Okutobala. Chilichonse chimene chili patali chimaoneka chosungunuka, ndipo palibe lenzi, ngakhale yodula motani, imene ingakonze zimenezo. Nthawi imeneyo jambulani zapafupi kapena pumulani. Usiku wa pa kampu ya Okaukuejo ku Etosha komweko musauphonye, chifukwa chitsime chake chili ndi magetsi ndipo zipembere zimabwera kudzamwa. Pamenepo mudzafuna choimikapo kamera cha miyendo itatu, ISO ya 3200 kapena kuposa, ndi kudikira kuti nyama iime chilili musanadine. Valani zofunda zenizeni, kuzizira kwake si kwa kuno kunyanja.

Wokonza mafoni wa ku Dwangwa

Ine ndiyankhe za mchenga zokha, chifukwa ndinaphunzira movutika. Ndinasintha lenzi ndili pamwamba pa phiri la mchenga kukuwomba kamphepo kooneka ngati kosavuta, ndipo zithunzi zonse za masiku otsatira zinali ndi timadontho takuda kumwamba. Choipa kwambiri n'chakuti ndinapukuta galasi la lenzi ndi malaya, mchenga n'kulikanda mpaka lero. Mchenga wa ku Namib ndi wosalala kuposa wa kugombe kwathu, umalowa paliponse pamene pali mpata, makamaka m'malenzi amene amatalika ndi kufupika ngati anuwo, chifukwa amakoka mpweya nthawi iliyonse mukawapotokola. Miyezi yozizira imeneyo kumabweranso mphepo yamphamvu yochokera kum'mawa imene imanyamula mchenga, ndipo ikayamba ndi bwino kungobisa kamera monga asodzi amakokera mabwato kumtunda mwera ukakula.

Sankhani lenzi musanatuluke m'galimoto, ndipo ngati mukusintha, tsekani mawindo, kamera iyang'ane pansi. Gulani kampira kopopera mpweya ndi kaburashi kofewa, muziyamba mwauzira musanapukute. Galasi loteteza la kutsogolo kwa lenzi ndi lotchipa poyerekeza ndi lenziyo. Poyenda kulungani kamera m'chitenje, ndipo chikwama musachiike pansi. Ku Swakopmund mdani wake ndi wina: madzi ozizira a m'nyanja ya Atlantic amabweretsa chifunga cha mchere kawirikawiri m'mawa, choncho muzipukuta kamera ndi kansalu kouma madzulo. Mabatire amatha msanga kukazizira, tengani osachepera atatu ndipo lina muzilisunga m'thumba la malaya.

Wojambula wa pa Kamuzu Road

Zikomo kwambiri nonse, nkhani ya ngongole ndaisiya. Bambo aphunzitsi, pali miyezi ingapo ulendo usanafike, ndipo sindikufuna kukaphunzirira komweko pamene masiku ake ndi owerengeka. Kodi pali chimene ndingayeserere kuno? Ndifunsenso za nyenyezi, chifukwa alamu anga akuti kumeneko zimaoneka modabwitsa.

Mphunzitsi wopuma wa ku Linga

Alamu anu sakunama. Dera la NamibRand, loyandikana ndi Sossusvlei, linavomerezedwa mu 2012 kukhala limodzi mwa malo otetezedwa chifukwa cha mdima wa thambo lake, ndipo mu Julayi pakatikati pa mlalang'amba pamakhala pamwamba penipeni usiku. Onani kalendala kuti masiku anu a kuchipululu asagwere pa mwezi wathunthu. Lenzi yanu ya 18-55mm muiike pa 18mm, muitsegule mpaka f/3.5, ISO 3200, shutter masekondi 15 kapena 20, ndipo focus (pamene lenzi yalunjika kuti pazioneka bwino) muiike ndi dzanja pa nyenyezi yowala kwambiri chifukwa kamera payokha imasochera mumdima. Mukapyola masekondi amenewo nyenyezi zimayamba kukhala timizere. Zimenezi mukhoza kuziyesa sabata ino pagombe lililonse lakutali ndi magetsi, kungoti muyang'ane mbali imene kulibe nyali za asodzi a usipa, pokhapokha ngati mukufuna kuti nazonso zilowe m'chithunzi.

Za mchenga, pitani ku Senga Bay mbandakucha anthu asanapondepo, mugwade pansi, mujambule timizere timene mphepo yasiya usiku. Mujambulenso malo omwewo 8 koloko, 10 koloko ndi masana, kenako muike zithunzizo pamodzi pa kompyuta. Mudzaona nokha ola limene mchenga umafera. Yesererani kujambula bwato limodzi kapena munthu mmodzi ali wamng'ono pakona ya chithunzi, mbali yotsalayo ili madzi ndi thambo basi, chifukwa dzanja lozolowera maukwati limathamangira kuika munthu pakati n'kumukuza. Mayi a ku Chipoka anena za kudikira pa chitsime, ndipo zimenezo mukaziyese ku Kuti ndi kathumba ka mpunga kaja: mukhale malo amodzi maola awiri osasuntha galimoto, muone ngati mtima wanu ukupirira, ndiponso ngati alamu anu adzafunika kuwachenjezeratu. Zithunzi za ku Senga Bay zikatuluka mudzaziike pano, ndikufuna ndione ya 8 koloko ndi ya masana zili pamodzi.