Kodi "walira mvula walira matope" ndi chidzudzulo kapena chitonthozo?

Wofunsa:
Akuluakulu amene mumachidziwa Chichewa chakuya tandithandizeni pa mwambi uwu, walira mvula walira matope. Ndaumva kuyambira ndili mwana koma pano wandisokoneza mutu. Miyezi ino ndapanikizika heve, ntchito ija ndinkaipempherera inapezeka koma ndikumaweruka kutada, kunyumba kuli khanda losagona usiku, kutchalitchi anandiikanso mu komiti, ndiye ndinangotchulako kwa mayi ena akumpingo kuti amayi ine ndiye ndatopa, iwo kuseka nkundiuza kuti "walira mvula walira matope mwananga, uziyamika." Tsono funso langa ndi loti amatanthauza kuti khala chete unazifuna wekha? Kapena mwambiwu uli ndi mbali ina yolimbikitsa yomwe ine sindikuiona? Komanso kulira kwakeko ndi kuti, kwa misozi konkuja? Nanga zoyamikazo zilimo mu mwambimu kapena amayiwo anangozimata kumapeto?

Mphunzitsi wopuma:
Kulira kwa apa si kwa misozi ayi. Ndi kuja timati ntchito iyi ikulira anthu anayi, kapena mwana akulirira chidole cha mnzake, kutanthauza kufuna, kufunitsitsa ndi mtima wonse. Ndiye mwambiwu ukuti amene wapempha mvula wapemphanso matope, ngakhale matopewo sanawatchule pakamwa. Taonani mmene akulu anaupangira, sanati walira mvula adzaona matope, anabwereza mawu omwewo, walira, walira, ngati kuti pempho linali limodzi kuyambira pachiyambi. Nzeru yake yagona pamenepo.

Amaunena kwa munthu amene wapeza chomwe ankafuna kenako wayamba kudandaula ndi zovuta zobwera nacho. Ukwati, udindo, ubereki, kukwezedwa pantchito. Ndiye kunena mosabisa ndi chidzudzulo, chofatsa inde koma chidzudzulo ndithu. Zoyamikazo mulibemo, amayiwo anawonjezera okha.

Mnyamata wa mashifiti:
kkkkk mwambi umenewu mabwana amaukonda koopsa. Ukangoti bwana ovataimu ija simunatilipire, basi akuyankha kuti si munkafuna ntchito inu, walira mvula walira matope. Ine ndikaumva ndimangodziwa kuti pali wina akufuna kunditseka pakamwa basi.

Mkulu wa mpingo:
Aphunzitsi alongosola bwino ndipo sinditsutsa, koma ndikufuna ndiwaikire kumbuyo pang'ono amayi aja chifukwa sanamate zinthu zosagwirizana. Tsegulani Miyambo 14:4. Akuti pomwe palibe ng'ombe modyera mumakhala moyera, koma zokolola zambiri zimabwera ndi mphamvu ya ng'ombe. Ameneyu ndi mphwake weniweni wa mwambi wathuwu, kungoti Baibulo laugwira kuchokera mbali inayo. Wathuwu umayamba ndi chabwino nkukukumbutsa chovuta. Wa m'Baibulo umayamba ndi ukhondo uja timaulakalaka tikatopa, nyumba ya zii, foni yosalira, tsiku lopanda wokufuna, nkukuuza kuti ukhondo umenewo mtengo wake ndi kusowa ng'ombe.

Ndiye Mkhristu akhoza kuuwerenga mwambiwu chobwerera, kuti pomwe pali matope ndiye kuti mvula inagwa. Khanda losagonalo ndi umboni woti m'nyumba muli mwana, ndipo alipo anthu ambiri amene akusala kudya kupempha kuti adzadzutsidweko usiku ndi kulira komweko. Kuyamika kumalowera pamenepo. Sikubwera kokha ngati mmene kumabwerera tsiku lomwe walandira kalata ya ntchito, kumafuna munthu achite kusankha, chifukwa munthu wotopa maso ake amangoona zolemera zokhazokha.

Ndipo amene analemba kuti "m'zonse yamikani" pa 1 Atesalonika 5:18 sanali munthu wokhala pamthunzi. M'kalata yomweyo, 2:9, Paulo akuwakumbutsa kuti ankagwira ntchito usiku ndi usana kuti asalemetse aliyense, uku akulalikira. Kalatayo anailemba ali ku Korinto cha m'ma 50 kapena 51, komwe Machitidwe 18 akutiuza kuti ankasoka mahema limodzi ndi Akula ndi Priskila. Omwe ankawalemberawonso anali pa chizunzo, ku Tesalonika komweko ndi kumene gulu la anthu linakokera Yasoni kwa akulu a mzinda chifukwa chosunga alendo olalikirawo. Wotopa ankalembera otopa anzake.

Namwino wa usiku:
Akulu ampingo mwayankhula zomveka koma ine pali pomwe pakundiwawa. Anthu a kutchalitchi tili ndi chizolowezi choipa, munthu akangoti ndatopa timathamangira kumupatsa vesi kapena mwambi mmalo momufunsa kuti tikuthandize chani, mapeto ake munthu amayamba kudziona ngati wochimwa chifukwa choti thupi lalema, amasiya kunena, amangomwetulira Lamulungu kenako tsiku lina timangomva kuti wagwa ndi BP. Kutopa si kusayamika. Ine ntchito yanga ndimaikonda ndipo ndimathokoza Mulungu, koma ikamakwana 4 koloko m'mawa miyendo imakhala itatupa ndithu, kuyamika sikuiphwetsa.

Tawerengani Numeri 11 bwinobwino. M'chaputala chimodzi chomwecho muli odandaula awiri. Khamu la anthu likulira kuti latopa ndi mana, likukumbuka za ku Igupto, ndipo iwowo anakumana ndi mkwiyo wa Mulungu. Koma Mose nayenso akudandaula, ndipo mawu ake ndi olemera kuposa a anthuwo, akuti sindingathe kuwasenza ndekha anthu onsewa, andilemera, ngati zili choncho ingondiphani. Mulungu anamuyankha kuti chani? Sanati Mose iwe unavomera wekha utsogoleri. Anati sonkhanitsa akulu 70 akuthandize kusenza katunduyo. Kusiyana kwake ndi koti anthu aja ankanyoza mphatso, Mose ankangonena kulemera kwa katundu ndipo ankanena kwa mwini wake. Eliya nayenso pa 1 Mafumu 19 atathawa Yezebeli anagona pansi pa kamtengo nkupempha imfa, mngelo anabwera kawiri konse, osati ndi ulaliki, anangomudzutsa kuti adye amwe chifukwa ulendo wamukulira. Zokambirana zinabwera pambuyo ku Horebu.

Ndiye ngati tikufuna miyambi, pambali pa wa matopewu tiziikaponso uja woti mutu umodzi susenza denga.

Wofunsa:
Anamwino mwandikhudza. Koma nditafunsa, Marita uja wa pa Luka 10 si ndiye chitsanzo chenicheni cha mwambiwu? Vesi 38 ikuti ndi iyeyo amene anamulandira Yesu kunyumba kwake, palibe anamukakamiza, kenako ntchito zitamuchulukira akubwera kudzadandaula kuti Ambuye simukusamala kodi kuti m'bale wanga wandisiyira ndekha. Ndiye Yesu pomuyankha muja sanali kunena zomwezi kuti walira mvula?

Mkulu wa mpingo:
Ayi, ndipo mpomwe pali kusiyana. Mwambi wathu ukanamuuza Marita kuti unaitana wekha alendo, pirira, bwerera kuntchito. Yesu sanamubweze kuntchito. Anamuuza kuti ukuda nkhawa ndi kuvutika ndi zambiri pomwe chofunika ndi chimodzi. Vuto la Marita silinali kuchuluka kwa ntchito kokha, linali loti mlendo amene ankamugwirira ntchito zonsezo anali ali m'nyumba momwemo koma iye sankamuonanso. Izi zimatichitikira tonse, umathamangira ana mpaka kuiwala kukhala nawo pansi, umathamangira za mpingo mpaka osapempheranso. Yesu yemweyo pa Marko 6:31 ataona kuti ophunzira ake alibe ngakhale mpata wakudya chifukwa cha obwera ndi opita, anawauza kuti tiyeni kwa tokha mukapumule pang'ono. Ndiye zomwe anena anamwino ndikugwirizana nazo, kungoti sindikufuna titaye kuyamika pofuna kuteteza otopa. Ziwirizi zimakhalira limodzi.

Mlongo wa kwaya:
Ine ndinaphunzitsidwa kuti vesi ya Atesalonika ikuti M'ZONSE osati CHIFUKWA CHA zonse, ndiye kuti sukakamizidwa kuthokoza chifukwa cha matopewo, umangothokoza uli m'kati mwake. Zimenezi zinandimasula kwambiri.

Wophunzira zaubusa:
Achemwali zimenezo zimalalikidwa kwambiri ndipo pa vesi imeneyo nzoona, koma musaiwale Aefeso 5:20, pamenepo Paulo yemweyo akuti tiziyamika Mulungu Atate nthawi zonse chifukwa cha zonse. Ndiye sitingathawire pa kamawu kamodzi. Mmene ndimaonera ine, sakutiuza kuti choipa tizichitcha chabwino, Masalimo adzaza ndi anthu olira mokweza ndipo palibe anawafufuta m'Baibulo. Akutiuza kuti palibe chomwe chili kunja kwa dzanja la Mulungu, ndiye ngakhale chovutacho tikhoza kuchibweretsa pamaso pake tikudziwa kuti sachitaya pachabe. Habakuku 3:17-18 ndiye amafika patali kuposa mwambi wathu, chifukwa iye akunena za nthawi yomwe mkuyu sunaphuke, mpesa ulibe zipatso, m'khola mulibe ziweto, koma akuti ndidzakondwerabe mwa Yehova. Pamenepo palibe mvula yoti uloze kuti nayi yabweretsa matope. Ndiye kuyamika kwa Mkhristu sikungatsamire pa masamu oti zabwino zaposa zoipa, tsiku lina masamuwo sadzatuluka.

Chitsanzo cha m'mbiri ndi m'busa Martin Rinkart wa ku Eilenburg ku Germany, amene anatumikira nthawi yonse ya nkhondo ya zaka 30 ija, 1618 mpaka 1648. Mu 1637 mliri unagwa mumzindamo, iye anaika maliro opitirira 4,000 chaka chimenecho, ena mwa iwo anali a mkazi wake. Munthu ameneyu masiku ano amakumbukiridwa ndi nyimbo yothokoza Mulungu yomwe mipingo yambiri ikuyimbabe.

Namwino wa usiku:
Zoona, koma nkhani ngati zimenezi muzisamala nazo pouza munthu wotopa, amangomva ngati mukuti ena anavutika kuposa iwe ndiye usatisokose.

Mayi wa ana anayi:
Ine za Chigiriki ndi mbiri sindizidziwa, ndingonena zomwe zimandithandiza. Nthawi yotanganidwa kuyamika ukakusiyira kuti kubwere kokha sikubwera, umafika pabedi mutu uli ndi mndandanda wa zomwe sunamalize basi. Ndiye kumafunika kukuikira nthawi yake ngati mmene timaikira alamu. Danieli anali mmodzi mwa akulu atatu oyang'anira akalonga 120 mu ufumu wa Dariyo, munthu wabize kuposa tonse tili pano, koma Danieli 6:10 ikuti ankagwada katatu patsiku kupemphera ndi kuyamika monga ankachitira kale. Mawu oti monga ankachitira kale ndi amene amandigwira, chinali chizolowezi, sanayambe tsiku la mavuto.

Ndipo muzitchula zinthu zenizeni. Zongoti zikomo Ambuye pa zonse pakamwa pamanena mtima uli kwina. Koma ukati zikomo kuti mwana lero kutentha thupi kwatsika, zikomo kuti mnzanga uja anandigwirira ntchito ola limodzi, mtima umayamba kutsatira. Muziwathokozanso anthuwo pamaso, amuna anu kapena akazi anu akadzuka usiku kukatonthoza mwana, chifukwa nthawi yotopa ndi yomwe m'nyumba mumayambika mpikisano woti watopa kwambiri ndani. Akhate aja a pa Luka 17 anachira onse 10 koma wobwerera kudzathokoza Yesu anali mmodzi, ndipo ine sindikhulupirira kuti 9 enawo anali anthu oipa, mwina anangothamangira kwa ansembe ndi kwa abale awo, zochita zinachuluka.

Chinanso achimwene, si matope onse amene abwera ndi mvula. Ena ndi a madzi omwe tataya tokha pakhomo. Ntchito munaipempha, mwana munamupempha, koma komitiyo munaipemphanso kapena munangochita manyazi kukana? Masalimo 127:2 akuti nkwachabe kulawirira m'mamawa ndi kugona mochedwa, Mulungu amapatsa okondedwa ake tulo.

Mphunzitsi wopuma:
Amayi mwanena chinthu chofunika pa kagwiritsidwe ntchito ka mwambiwu. Umagwira pokhapokha chovutacho chili chobadwa nacho chinthu chomwe unapemphacho, choti sungachichotse osataya chinthucho. Khanda kulira usiku, eya. Udindo kubwera ndi misonkhano, eya. Koma ukaugwiritsa ntchito pa chinthu choti chikhoza kukonzedwa, ndiye kuti waupotoza.

Mnyamata wa mashifiti:
Ndiye aphunzitsi mwandiweruzira mlandu wanga uja kkkk. Kudzuka m'mamawa ndi matope a ntchito, ndavomera, ndipo ndiziyamika. Koma ovataimu yosalipidwa si matope, ndi kuba. Deuteronomo 24:15 amati waganyu umulipire tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndipo Yakobo 5:4 akuti malipiro omwe mwawabera antchito akufuula mpaka Ambuye amva. Bwana akadzandiuzanso za mvula ndidzamuwerengera imeneyo.