Kodi ogulitsa katundu mmodzimmodzi tiwatchule kuti chiyani?

Mlembi wa gulu: Akuluakulu, ndithandizeni. Pafomu yolembetsera amalonda pakufunika kusiyanitsa ogulitsa katundu wambiri nthawi imodzi ndi amene amagulitsa mmodzimmodzi kwa anthu wamba. Achiwiriwa ena akuti tiwalembe kuti "opikula", ena akuti "mavenda". Oyenera ndi ati?

Wamakatoni: A mlembi, "opikula" musiyeni kaye. Kupikula ndi kugula, si kugulitsa. Ndi kugula katundu wochuluka pamtengo wotsikirapo n'cholinga chokagulitsanso, zomwe ena amati kuoda. Amene akukugulitsani katundu woteroyo ndiye wopikulitsa. Katundu amachoka kufakitale, n'kufika kwa wopikulitsa, wopikula n'kumutenga, kenako n'kuthera kwa wokagwiritsa ntchito.

Munthu mukumufunayo amapikuladi, koma dzinalo limangonena za pamene akugula. Akatenga katoni ya sopo 24 kwa wopikulitsa ndi wopikula. Akaitsegula n'kuyala sopoyo pashelefu kuti azituluka mmodzimmodzi, wasanduka wogulitsa, ndipo phindu lake lili pa kusiyana kwa mitengo iwiriyo. Vuto lina n'lakuti "opikula" ndi "opikulitsa" amasiyana ndi kachidutswa kochepa kwambiri. Wowerenga mothamanga sakaona, ndiye mudzapeza eni nyumba zosungiramo katundu achonga bokosi la ang'onoang'ono.

Mayi Shelefu: "Mavenda" ndiye achepa kwambiri. Venda ndi wogulitsa amene alibe sitolo yokhazikika: wa pabenchi, woyala pansi m'mbali mwa msewu, kapena woyenda nazo m'manja. Mwini golosale kapena wa shopu yaikulu amagulitsanso mmodzimmodzi, koma mukamulemba kuti venda sangavomere, ena mpaka amakhumudwa. "Okala" ndi dzina la malo ogulitsira, munthuyo timati mwini okala. "Ochita geni" nayenso sathandiza, chifukwa sakunena kuti munthuyo amagulitsa kwa yani.

Wowerengera: Ndikugwirizana ndi mayiwa, koma ndionjezepo. Musasiyanitse potengera kuchuluka kwa katundu. Munthu womanga nyumba akhoza kugula matumba 50 a simenti pasitolo, komabe sanapikule, chifukwa simentiyo sakukagulitsanso. Wina akhoza kugula mabatire 12 okha n'kukhala kuti wapikula. Funso ndi lakuti wogulayo akukatani nazo.

"Mmodzimmodzi" nayenso ali ndi malire. Amasintha malinga ndi chinthucho: sopo mmodzimmodzi, makope limodzilimodzi, zidebe chimodzichimodzi. Komanso sagwira kwa ogulitsa zoyeza, monga nsalu pamita, misomali pakilo kapena parafini palita. Ena amathawira kwa "ogulitsa pang'onopang'ono", koma amenewa akhoza kumveka ngati mukunena kuti malonda awo sakuyenda.

Pafomupo ndikanalemba ziganizo zathunthu. Bokosi loyamba: "Ndimapikulitsa kwa amalonda amene amakagulitsanso." Lachiwiri: "Ndimagulitsa mwachindunji kwa anthu okagwiritsa ntchito katunduyo." Mulole munthu kuchonga onse awiri, poti masitolo ambiri amachita zonse pakauntala imodzi, mtengo wa katoni wina, wa chimodzi wina.

Mlembi wa gulu: Zikomo nonse. Nanga pamutu wa mndandanda, pamene pamafunika mawu afupi?

Wamakatoni: Lembani "Opikulitsa" mbali ina, "Ogulitsa kwa anthu" mbali inayo. Mavenda, eni okala ndi eni masitolo onse alowa m'gulu lachiwirilo, ndipo ngati mukufuna kuwasiyanitsa, ikani funso lina lofunsa kumene amagulitsira.